Chitsononkho m'Dzanja la a Mbewe

Lachinayi pa 14 Malichi 2024, Zebron Mbewe anagwa kuseri kwa khola la mbuzi pamunda wake ku Kanakantapa. Anali ndi zaka 58. Mkazi wake Tisauke anamupeza atagonera kumanzere, pakamwa patakhota, chidebe cha madzi chitagubuduka pambali pake. Kuchipatala ku Chongwe anati ndi sitiroko, ndiponso kuti magazi ake akhala akuthamanga kwa zaka iye osadziwa. Anagonekedwa milungu iwiri. Anatuluka akulankhula bwinobwino, mwendo wamanzere akuukoka, koma mkono wamanzere ukungolendewera ngati chingwe chonyowa.

Mkonowo ndi umene unkamusowetsa mtendere Tisauke. Ankaunyamula n'kuusiya, iwo n'kugwera pabedi ngati si wa munthu wamoyo. Powatulutsa anawauza kuti azibwera ku fizyo Lachiwiri lililonse, kumene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito, ndipo anapitako kawiri. Koma kuchoka kumunda kwawo kukafika poima maminibasi ndi mtunda, ndipo Zebron ankachita kukwezedwa pangolo ya mnansi wawo, a Cheelo. Chaka chimenecho mvula inadula pakati, chimanga chambiri chinapsa chisanabereke, ndipo ng'ombe za a Cheelo zinaonda mpaka nthiti kuonekera. Ulendo wachitatu Tisauke anachita manyazi kukapemphanso ngolo. Pofika wachinayi anali atazolowera kusapita.

Mu Epulo kunabwera Greenwell, mkulu wake wa Zebron, amene amamanga nyumba za anthu ku Silverest. Anakhala pampando, nautenga mkono wa mng'ono wake, nautembenuzatembenuza ngati akusankha thabwa.

“Mulamu, dzanja ili lagona chabe,” anauza Tisauke. “Lifuna nchito. Kuja nimanga kuli abwana ena anadwala so. Anawagulira kabola kofinya. Manje ayendetsa motoka okha.”

Pakhomopo panalibe kabola, kampira kofinya m'dzanja. Greenwell anasuzumira munkhokwe, napeza muli mbee. Anazungulira kukhitchini, nabwera ndi chitsononkho cha chimanga cha chaka chatha, chimene Tisauke anasungira kuyatsira moto.

“Chaka chino olo chitsononkho ni chuma,” anatero, akuchipukuta pabuluku. Anachiika m'dzanja la Zebron n'kupinda zala zija pamwamba pake. “Finya, Zebu. Finya monga ugwira mbala yakubera mbuzi.”

Zala sizinagwedezeke. Greenwell atazisiya, chitsononkho chinagwa pansi.

Tisauke anaitenga ntchitoyi ngati mankhwala. Anang'amba kansalu pachitenje chakale n'kumamangira chitsononkho m'dzanjamo kuti chisagwe. M'mawa akasesa, masana akabwera kudimba, madzulo asanateleke madzi osamba, ankaima pamaso pa mwamuna wake n'kumati, “Finyani, atate ake Hellen.” Hellen ndi mwana wawo woyamba, wokwatiwa ku Kabwe, amene ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati pali kusintha. Kwa milungu ingapo panalibe choti amuuze.

Mu Meyi zala zinagwira zokha. Tsiku lina Tisauke anamasula kansalu kaja kuti akachape, ndipo chitsononkho chinatsala m'dzanja. Anaima akuyang'ana, kansalu kali m'manja. Lamlungu limenelo ndiye anayamba kuimba foni, osadikira Hellen.

Juni atafika ndi mphepo yake, chigongono chinapindika, dzanja linakwera kufika pachifuwa, mkono unakhota polumikizira dzanja. Greenwell atabwera anayesa kusolola chitsononkho chija, mpaka mitsempha ya m'khosi mwake inatuluka.

“Mwaona, mulamu? Ine ninyamula mabuloko tsiku lonse, koma apa nalephera. Mphamvu zabwera.”

“Sindine nifinya,” Zebron anatero. “Lifinya lokha. Na paphewa apa pawawa.”

“Nanga munda ukaulima sumvera kuwawa?” Greenwell anaseka.

Zebron anabwerezanso mawu omwewo kwa mkazi wake masiku otsatira, makamaka m'mawa kukazizira. Tisauke ankamva, koma sankawasunga. Ankadzuka kusanache kukaima pamzere wa pamjigo, ankathirira repu ndi tomato kudimba ndi madzi a m'chitsime chimene chinkatsika mlungu uliwonse, ankasambitsa mwamuna wamkulu n'kumuveka, ankakumbukira mapilisi a magazi. Pa zonse zimene ankagwira chaka chimenecho, dzanja lokhalo ndi limene linkaoneka kuti likupita patsogolo. Analibe mphamvu zolikayikira.

Loweruka pa 10 Ogasiti, Greenwell anati nthawi yakwana yoti Zebron agwire khasu. Anatsika naye kudimba pang'onopang'ono, Tisauke ali pambuyo ndi khasulo. Zala zinakana kutseguka, choncho Greenwell analowetsa nsonga ya mpini mbali ya chala chachikulu n'kumakankha, mpaka chitsononkho chinatulukira mbali inayo ndipo mpini unalowa m'malo mwake. Zebron anaima motangadza. Ananyamula khasu ndi mkono wamanja, wamanzere ukutsatira, nagwetsa pansi. Dothi linagumuka pang'ono. Anabwereza kangapo. Amayi awiri amene ankatunga madzi pachitsime anasiya ndowa zawo n'kuwomba m'manja.

Kenako Zebron anatopa, nafuna kukhala pansi.

“Chotsani,” anatero.

Greenwell anagwira zala n'kuzikoka mwamphamvu, chimodzichimodzi. Akakoka ichi, icho chinali chitabwerera. Mmene ankakokera msanga, m'pamenenso dzanja linkalimbira, ndipo Zebron atayamba kupsa mtima mkono wonse unakwera n'kukanikiza mpini pachifuwa.

“Leka, iwe. Lekako,” Greenwell anatero.

“Niuze bwino, ungaleke bwanji chinthu chimene sunagwire?”

Anabwerera kunyumba khasu likadali m'dzanja, likukwekwereza m'fumbi pambali pa mwendo wodwala uja. M'njira anakumana ndi anthu ochokera kuchigayo. “Mwayambako nchito, a Mbewe,” anatero mmodzi. “Mulungu ni wabwino.” Zebron anangogwedeza mutu. Tisauke anayankha m'malo mwake, chifukwa moni sakanidwa.

Greenwell anathamangira minibasi. Zebron anakhala pakhonde, khasu lili pamiyendo, mpaka mkwiyo unatha ndipo anayamba kusinza. Pamenepo Tisauke anapaka sopo pampini n'kuusolola pang'onopang'ono. Unatuluka uli ndi magazi ochepa. Unatulukanso ndi fungo, la chinthu chimene chakhala chonyowa nthawi yaitali pamalo otsekeka. Anakhala pansi, mpini uli m'manja, akuyesa kukumbukira tsiku limene anaona chikhatho cha mwamuna wake komaliza. Munthu amadya ndi dzanja lamanja, ndipo pomuthirira madzi osamba m'manja ndi lomwelo limene ankatambasula. Pomusambitsa thupi, Tisauke ankangozungulira chibakeracho ndi kansalu. Anapeza kuti kuyambira Meyi sanaonemo.

Usanathe mlungu zikhadabo zinayamba kulowa m'mnofu, popeza munalibe kanthu m'dzanjamo. Posadziwa china chochita, Tisauke anatsika kudimba, natola chitsononkho chija n'kuchibwezeramo. Kenako anapita kwa a Cheelo, nagwada pakhomo.

“Munangoleka kubwera,” a Cheelo anatero. “Ine nimati achira.”

“Nafenso timati achira.”

Lachiwiri pa 20 Ogasiti anafika ku fizyo. Magetsi anali atazima, ndipo pabenchi panali anthu ambiri a ndodo ndi a njinga za olumala. Anawaitana dzuwa litapendeka. Wowaona anali mayi wachitsikana, msinkhu wa Hellen, dzina lake Mwaba. Maso ake anali ofiira ndi kutopa. Anayang'ana khadi, nayang'ana mkono, koma sanafunse chifukwa chake anasowa miyezi inayi.

“Ba Mbewe, khalani bwino. Musanithandize, musalimbane na ine. Muzingopuma.”

Sanakoke chala chilichonse. Anayamba ndi phewa, kenako chigongono, akuwongola pang'ono n'kudikira, kuwongola pang'ono n'kudikira. Atafika padzanja analipinda chakutsogolo, natulutsa chala chachikulu, n'kungokhala atachigwira, akuyang'ana pazenera. Tisauke ankaganiza kuti waiwala zimene akuchita. Patapita nthawi zala zinazo zinafewa pang'ono, moti chitsononkho chinasololoka. Chinali chitada ndi kusalala ngati mpini wakale. Mwaba anachiyang'ana, nachiika patebulo.

M'chikhatho munali moyera ngati phazi la munthu wochapa tsiku lonse. Pamene panathera zikhadabo panali timabala titatu, ndipo pamene panadutsa mpini khungu linali litasupuka.

“Anali kufinya tsiku lililonse,” Tisauke anatero. “Mphamvu zinabwera bwino. Olo akulu awo analephera kuchotsa.”

“Ba mami, iyi si mphamvu,” Mwaba anayankha, akupukuta m'chikhathomo ndi thonje. “Mphamvu ni ija munthu agwira, akafuna kuleka aleka. Apa sitiroko inaononga njira imene bongo uuzira minofu kuti ipumule. So minofu yopinda ikoka chabe, usana na usiku. Kukazizira ikoka maningi. Akakwiya, akamva kuwawa, olo m'mimba mukauma, ni chimodzimodzi. Mukaikoka mwamsanga, nayo ibwezera.”

Zebron anatembenukira kwa mkazi wake. 

“Ndiye kuti nawaononga nine,” Tisauke anatero.

“Kuuma uku kubwera na sitiroko, chitsononkho chikhalepo, chisakhalepo. Koma dzanja ili laphunzira kutseka chabe, kulibe analitsegulako. Dzanja likakhala lofumbata miyezi, minofu ifupika. Ikafupika, olo kukoka kuja kuchepe, chala sichiwongoka.”

“Yafupika?”

“Sinidziwa pano. Ali maso, ali na mantha, na zilonda ziwawa.” Mwaba anatenga chowengera zikhadabo. “Muzayesa imwe kunyumba, akagona tulo. Tulo tumafewetsa kukoka kuja. Chala chimene chitseguka ali m'tulo, chikali na mwayi. Chimene chikana olo m'tulo, muzaniuza. Mubwere pa 8 Okutobala. Ngati kuzakhala zokana, tizakamba za ku Lusaka, za pulasitala kapena nyeleti zobaya m'minofu. Sinikulonjezani kuti zizapezeka.”

Anamuphunzitsa Tisauke kagwiridwe kaja, manja ake ali pamwamba pa manja a Tisauke. Anamuuza kuti azitsuka m'chikhatho ndi kuumitsamo bwino, aziwenga zikhadabo, ndipo zilonda zikapola Zebron aziika dzanja lotambasula pabenchi n'kulitsamira. Anajambula papepala kathabwa kogonekapo dzanja ndi zala, koti azimangirira popuma. Dokotala wa pachipatalapo anawonjezera mapilisi otchedwa bakulofeni, ochepa poyambira, nachenjeza kuti amagonetsa ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Chitsononkho chinatsala patebulo la Mwaba.

Greenwell atamva, anayamba wakana. “Nanga abwana aja a kabola?”

“Kaya, mulamu. Mwina dzanja lawo linali lina.”

“Ana a masiku ano akaphunzira pang'ono, zonse za akulu ni zolakwa.”

Koma Loweruka lotsatira anabwera ndi kathabwa kosalala, atamatapo siponji, m'mbali atapalamo bwino. Anali atayezera padzanja lake lomwe, ndipo kanakula. Anakhala pakhonde akukachepetsa ndi mpeni, osayang'ana munthu.

Ntchito yatsopanoyi inali yolemetsa kuposa yakale. Kufinya kunali kwa Zebron. Tisauke ankangolamula n'kupitiriza zake. Kutsegula kunali kwa Tisauke, ndipo kunkafuna kuti akhale pansi, manja onse awiri atagwira, osachita kanthu kena, pamene dzuwa likukwera ndipo repu akufota kudimba. Akafulumira, dzanja linkadziwa. Linkatseka, iye n'kuyambiranso kuphewa. Likatseguka n'kugona pakathabwa, pofika masana zala zinali zitaterereka pansi pa nsalu n'kupindikanso. Panalibe choti n'kuonetsa amayi a pachitsime. Hellen akaimba, Tisauke ankati, “Tili kuyesa,” n'kufunsa za ana.

Mapilisi aja anachepetsa ululu wa paphewa, koma anabwera ndi zawo. Zebron ankasinza pakati pa nkhani. Mwendo wamanzere, umene kuuma kwake kunkamuthandiza kuima, unafewa nawo, moti tsiku lina bondo linagonja pakhomo la chimbudzi ndipo Tisauke anachita kumudzutsa yekha. Msana unamupweteka mlungu wathunthu.

“Kale munali kuti finyani,” Zebron anatero m'mawa wina, mkazi wake atagwira chala chachikulu. “Manje muti lekani. Mawa muzaniuza chani?”

“Mawa nizakuuzani kuti muzisamba mwekha.”

“Mwatopa nane.”

“Natopa. Musakambe, dzanja limvera.”

Chapakati pa Seputembala, Tisauke anabwera kudimba masana atasenza ndowa yopanda kanthu, chifukwa chitsime chinali chitatsala matope. Anapeza kathabwa kali pansi pa mpando, nsalu yomangira ili pambali. M'dzanja la Zebron munali chitsononkho china, chaching'ono, cha chimanga chopsa ndi dzuwa cha chaka chino. Anali atachikankhiramo yekha ndi dzanja lamanja. Chigongono chinali chitakweranso pachifuwa.

Tisauke anatula ndowa. Anafuna kukalipa, koma anakumbukira kuti mkwiyo umathera m'dzanja lomwelo, ndipo amene adzalitsegule ndi iye. Anakhala pansi pakhonde, nayang'ana kumunda kumene mapesi a chimanga chosabereka anali akadali chiimire.

“Na ichi ninali kumvera kuti nigwira nchito,” Zebron anatero. “Pathabwa apo nili monga nyama ya pa butchala. Imwe mugwira zonse. Ine nikhala chabe.”

“Nchito yanu ni kuleka.”

“Iyo si nchito ya mwamuna.”

“Ni imene ilipo.” Anapukuta nkhope ndi chitenje. “Mvula ikabwera nizafuna munthu wonigwirira thumba la mbewu. Wogwira, nikati nipaseni, anipasa. Wopita nalo kunyumba monga khasu lija sinimufuna.”

Zebron anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno. Kenako anatambasula mkono wamanja, nanyamula wamanzere n'kuuika pamiyendo ya mkazi wake. Tisauke anayambira kuphewa. Chitsononkho chitatuluka anachiponya kumbali ya khitchini, kumene chinayatsa moto wa madzulo.

Kuyesa kwa m'tulo kuja Tisauke anali akukuzengereza. Zilonda zinali zitapola kale, ndipo chifukwa chodikirira chinali chitatha, koma masana alionse Zebron akagona iye ankapeza chochita kuseri kwa nyumba. Malinga asanayese, zala zonse zisanu zinali ndi mwayi.

Anayesa Lachitatu pa 25 Seputembala. Kunkatentha, ndipo Zebron anali atagona pamphasa pakhonde, pakamwa pali yasa. Tisauke anagwada pambali pake. Chigongono chinawongoka mosavuta kuposa mmene chimachitira ali maso. Anapinda dzanja chakutsogolo, natulutsa chala chachikulu. Cholozera chinatsatira. Chapakati chinazengereza, kenako chinagona. Chachinayi chinafika pakati n'kuima. Sikunali kukoka kuja kumene anali atakuzolowera, kumene kumagonja ukadikira; chinaima ngati chitseko chimene chagunda thumba kuseri. Kakang'ono kakumapeto sikanachoke n'komwe pachikhatho. Anadikira mpaka miyendo yake inachita dzanzi. Palibe chinasintha.

Mawa lake anayesanso, nthawi yomweyo. Ali pa chala chachinayi anaona kuti Zebron watsegula maso.

“Zatseguka zingati?”

“Zitatu.”

“Dzulo?”

“Munali maso dzulo?”

“Ninamva chabe mwapuma mwamphamvu.”

“Zitatu,” Tisauke anatero.

Zebron anayang'ana dzanja lake lili pamiyendo ya mkazi wake, zala zitatu zitagona, ziwiri zitapinda. Mmene ankaliyang'ana, zitatu zija zinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Tisauke anazigwira zisanafike, nakoka kathabwa ndi phazi.

“Thumba la mbewu lingagwirike na zitatu,” Zebron anatero.

“Tizamva kwa a Mwaba.”

Anamanga nsalu, kuyambira pamkono kutsikira kuzala, ndipo pansi pa ziwiri zokanazo anaikapo kansalu kopinda kuti zikhadabo zisafike pakhungu. Atatha anatenga ndowa n'kupita kumjigo, kumene mzere unali utafika kale pamsewu.

A Cheelo anavomera ngolo ya pa 8 Okutobala, ngati ng'ombe yawo yakuda idzakhale ikuimabe. Pofika Lolemba pa 30 Seputembala, chala chachinayi chinali chikuimabe pakati, ndipo kakang'ono kanali kasanachoke pachikhatho.